Chitsime Chimene Chinkazimitsa Nyali

"Ababa, kodi moto umakhala kuti usanayake?"

Funso limeneli adafunsa ndi Eliza tsiku lina m'mawa, atanyonyomala pambali pa bambo wake Simeon, amene ankayatsa zinyalala kuseri kwa nkhokwe. Simeon adamuyang'ana mwanayo nati adzamuuza akadzakulako pang'ono. Sikuti yankho adalibe ayi. Adali nalo, lochokera kusukulu ya madzulo imene ankapitako pamene ankagwira ntchito yonyamula mabelo a fodya ku Lilongwe. Koma Simeon adali munthu wotafuna mawu nthawi yaitali asanawatulutse, ndipo ankayesa kuti masiku alipo.

Masikuwo sadakhalepo. M'chilimwe chowawa chija, boma la Chitaganya litangoyamba kumene, Eliza adapezeka atamwalira m'chitsime cha a Petro, kudambo la kumunsi kwa mudzi wawo, chakufupi ndi Nsaru.

Mwanayo sadamire. Madzi a m'chitsimemo ankangolekeza mu akakolo. Adamupeza atakhala pansi bwinobwino, msana atatsamira khoma, chikho chili m'dzanja, nkhope ili ngati ya munthu amene wagwidwa ndi tulo akumvera nkhani. Mtsuko wake udali pamwamba, wosasweka. Pathupi padalibe bala, ngakhale la njoka. Mwamuna woyamba amene adayesa kutsika kukamutenga adabwerera panjira akupuma ngati wathamangitsidwa, nati pali chinthu chamugwira pakhosi. Palibe wina adayesanso. Adamuvuula ndi ngowe ya nsungwi.

Chitsimecho adakumba ndi a Petro, pamalire penipeni pa dimba lawo ndi dimba la Getrude, mkazi wa Simeon. Chaka chilichonse madzi akamathawira pansi, iwo ankawatsatira ndi khasu, nasema mapondero m'khoma oti munthu azitsikira. Chaka chimenecho dambo lidauma kuposa mmene akuluakulu ankakumbukira, moti chitsime chidazama kupitirira anthu awiri atasanjikizana. Mudzi wonse unkatunga momwemo.

A Petro adali nkhalamba yochokera ku Kasiya, yobwera m'mudzimo kudzakwatira. Akazi awo adapita ndi njala ya mu 1949. Mwambo unkati asudzulidwe abwerere kwawo, koma kwawoko kudalibe amene adatsala, choncho anthu adangowasiya, monga amasiyira chitsa chimene sichikutchinga njira. Tsono mwezi wam'mbuyo mbuzi za Getrude zidawadyera mpiru, ndipo nkhalambayo idalankhula mokwiya anthu akumva: "Madzi anga mukumwa, ndiwo zanga mbuzi zanu zikudya. Tsiku lina chitsimechi chidzakukanani."

Maliro atatha, padalibe amene sadawakumbukire mawu amenewo.

Mlandu adautenga ndi a Bernard, mlongo wake wa Getrude, mwinimbumba. Adaitanitsa a Petro pabwalo la mlongo wawo, anthu atazungulira.

"Mwavi a Boma analetsa, tikudziwa," adatero a Bernard. "Koma kutunga madzi sanaletse. Mawa m'mawa atsike okha m'chitsime chawocho, atunge ndi chikho chomwe chija, amwe ife tikuona. Akatuluka, nkhani yatha. Akakana, apinde mkeka wawo, aione njira ya ku Kasiya."

"Nditsika," adayankha a Petro, osakweza mutu.

Simeon adali mkamwini. Mwana adali wake, koma mlandu udali wa eni mbumba, ndipo iye adangokhala kumapeto kwa mphasa manja ali pamaondo. Anthu atabalalika, Getrude adamuyang'ana ndi maso otupa.

"Inu muli chete ngati mwanayo anali wa kwa eni. Kodi simukuona kuti mdala uja anamupha?"

"Sindinaone," adatero Simeon. "Ndikadaona ndikadanena."

"Ndiye pitani mukaone!"

Getrude adanena izi mopsa mtima chabe, koma Simeon adadzuka. Adatenga nyali yagalasi ndi chingwe cha mbuzi, nalowera kudambo dzuwa lili paliwombo.

Chiyambire maliro palibe adapondako, ndipo chinthu choyamba chimene Simeon adamva chidali chete. Dambo silikhala chete. Ngakhale m'chilimwe mumamveka tizilombo, mbalame, kaya buluzi akuthawa m'masamba ouma. Tsiku limenelo mudalibe kalikonse. Mpweya udangoima. Patsogolo pake, pakati pa mizere ya mpiru wofota, padali kautsi kowonda kotuwa, kotalika ngati mwana, katangoima pamalo amodzi osagwedezeka. Simeon adaima nthawi yaitali akukayang'ana. Atayandikira adaona kuti kakutuluka m'una wa nkhanu.

Kenaka adamva mapazi ake. Adali wosavala nsapato, ndipo nthaka inkamutentha, koma osati monga imatenthera ndi dzuwa. Pamthunzi pa mtengo wa gwafa pankatentha chimodzimodzi ndi poyera. Mtengowo udali utapendekeka, masamba akadali obiriwira. Adaukankha ndi dzanja limodzi, ndipo udagwa mwakachetechete, mizu yake itasanduka makala. Adatola ndodo naizika pansi. Idalowa mosavuta ngati m'gaga, ndipo poizula, nsonga yake inkafuka.

Adafika pachitsime nasuzumira. Pansi, m'mbali mwa timadzi tija, mudali achule, mbewa ziwiri ndi kambalame, zonse zitagona mwaulemu, zopanda bala. Ngakhale ntchentche sizinkatsikako.

Pamenepo mawu a a Gladson, mphunzitsi wa kusukulu ya madzulo ija, adayamba kumubwerera, mmodzimmodzi, ngati anthu obwera kumaliro. A Gladson ankati moto suchokera m'machesi. Mtengo umamwa kutentha kwa dzuwa zaka zonse za moyo wake, n'kukutsekera m'kati mwake. Ukamapsa, ndiye kuti dzuwa lakale lija likutuluka, ndipo machesi amangotsekula chitseko. Tsiku lina adabwera ndi kachibuma ka shuga. Adakayatsa, koma kadangosungunuka n'kuda. Kenaka adapaka kena phulusa la fodya wawo, ndipo kadagwira moto nthawi yomweyo. "Taonani, phulusali silinapse, likadalipo," adatero. "Lili ngati ankhoswe. Amalumikiza awiri, ukwati n'kuchitika, iwo n'kubwerera kwawo mmene anabwerera."

Ndipo padali masamu aja amene ophunzira onse adaseka. Makala olemera mapaundi khumi ndi awiri akapsa, amadya mbali yabwino ya mpweya, n'kubala mpweya wina wolemera mapaundi makumi anayi ndi anayi. Wobadwa kulemera kuposa makala amene wachokerako! Thumba limodzi la makala, ankatero a Gladson, lingabale mpweya woipawo wokwana kudzaza nyumba yogona n'kutsalako. Suoneka, sununkha, ndipo poti ndi wolemera kuposa umene timapuma, umayenderera kutsetsereka ngati madzi, kufunafuna dzenje. Adautsanula kuchokera m'botolo looneka lopanda kanthu pamwamba pa kandulo, ndipo kanduloyo idazima ngati wina waithira madzi.

Simeon adatapa nthaka ya dambo m'dzanja. Idali yakuda, yopepuka, yodzaza timitsitsi. Silidali dothi kwenikweni. Lidali bango lowola, losanjikizana kuyambira makolo asanafike kuno, ndipo chaka chino lidauma mpaka pansi. Pamwamba pake anthu ankathira phulusa chaka ndi chaka kuti ndiwo zikule. Dambo lonse lidali nkhuni. Adayesa kuwerengera m'mutu kuti pansi pa madimba onsewo pangakhale matumba angati a makala, koma adalekera panjira.

Adayatsa nyali, naimanga kuchingwe, nayamba kuitsitsa pang'onopang'ono. Mphepo kudalibe ngakhale yogwedeza udzu. Nyali idatsika ikuyaka bwino. Itafika chapakati, lawi lidafupika, lidasanduka lobiriwira, kenaka lidachoka pa chingwe chake cha palafini ngati wina walitsina ndi zala. Adaikweza, naiyatsanso, naitsitsanso. Idazimira pomwepo. Adamanga mfundo pachingwe pamene idazimirapo.

"Mwataya chiyani, bambo a Eliza?"

Simeon adadzidzimuka mpaka chingwe chidatsala pang'ono kumupulumuka. Adali a Petro, ataima kumbuyo kwake atavala jekete lawo lakale, kutentha konseko.

"A Petro, mawa musatsike. Mukatsika simutuluka."

"Ndiye inunso mwandiweruza, eti?"

"Ayi. Ndikunena za mpweya umene uli m'menemu. Ungaphe inu, ungaphe ine, ungaphe abusa."

Nkhalambayo idasuzumira m'chitsime, nipukusa mutu. "Ine ndikuona achule basi. Mwana wanga, ndikakana ndipita kuti? Ku Kasiya amene akundidziwa ndi manda. Ndikatsika n'kufa, adzati anali mfiti. Ndikakana, adzati anali mfiti. Bola kutsika, mwina n'kutuluka." Idayang'ana kumtengo wa gwafa uja. "Mwana uja ankandibera magwafa. Ndinkanamizira kugona kuti athyole bwino."

Madzulo a tsiku lomwelo Simeon adagwira nkhuku zake ziwiri nazimanga miyendo.

M'mawa mwake mudzi wonse udatsikira kudambo. Dzuwa lidali lisanapse, ndipo timautsi tija tidali titachuluka, titaima apa ndi apo m'madimba ngati anthu ofika msanga. Amayi ankakokera ana kumbuyo. Simeon adafika ndi nyali, chingwe, khasu, ndi kadengu kokhala ndi nkhuku zija.

"Taonani akamwini athu a sukulu!" adafuula Lidiya, msuweni wa Getrude, mkazi wa pakamwa posatseka. "Nyali masana! Alamu, kodi dzuwa lakwathu kuno silikukukwanani?"

Ena adaseka, koma kuseka kwake kudathera panjira.

"Alamu," adatero Simeon kwa a Bernard, atagwada pang'ono, "ndikudziwa kuti pano si pondiyenera kulankhula. Koma mwana anali wanganso. Ndiloleni ndikuonetseni chinthu, a Petro asanatsike."

A Bernard adangokweza chibwano. Simeon adayeseza ndi nyali mmene adachitira dzulo lake. Idazima isanafike n'komwe pamfundo ija, chifukwa usiku wonse wopanda mphepo mpweyawo udali utakwera. Ndipo Simeon adazindikira chifukwa chake adali Eliza osati wina. Mwanayo ankakonda kulawirira kuti akatunge madzi asanavundulidwe.

"Mwaona?" adatero. "Muli mpweya woipa. Moto sungakhalemo, munthunso sangakhalemo."

"Taona," adatero a Bernard. "Chimene anaikamo mdalayu chauzira nyali yanu. Ndiye mwationetsa chiyani chachilendo?"

"Dikirani, ndili ndi nkhuku."

Simeon ankafuna kuonetsa kuti nkhuku ikhala moyo pamwamba pa mfundo n'kukomoka kumunsi kwake. Koma adachedwa kupeza mawu, monga mwa chizolowezi chake. A Bernard adali atatenga kale nkhuku imodzi m'dengu, maso akuwala.

"Apa ndiye mwaganiza ngati munthu, alamu. Makolo ankatero." Adaikweza m'mwamba kuti onse aone, nailankhula kukhutu mokweza. "Iwe nkhuku, ndiwe Petro. Ngati m'manja mwako mulibe mwazi wa mwana wathu, pita ukabwere. Ngati ulimo, ukakhale komweko."

Adaitsitsa m'kadengu mpaka pansi. Kudamveka kukupiza kwa mapiko kamodzi, kawiri, kenaka zii. A Bernard adadikira, nadikiranso. Poikweza, mutu wake unkalendewera kunja kwa dengu.

Mfuu umene udabuka udadzaza dambo lonse. Getrude adagwa pansi akulira dzina la mwana wake. Anyamata adayamba kutola zibuma. Simeon adaona kuti chimene adabweretsa kuti chipulumutse munthu ndicho chamumaliza.

A Petro adavula jekete lawo, nalipinda bwinobwino, naliika paudzu. "Nkhuku si ine," adatero. "Ine ndine ndine. Patseni chikhocho." Ndipo adaponda pa pondero loyamba.

Simeon adawagwira mkono nawakokera kumbuyo mwamphamvu, mpaka nkhalamba idakhala pansi. Kenaka adatenga nkhuku yachiwiri naikweza monga adachitira mlamu wake. Mawu ake sadali okwera, koma onse adamva.

"Iwe nkhuku, ndiwe alamu anga a Bernard, amene mudzi wonse ukudziwa kuti alibe mlandu. Pita ukabwere."

"Mayo ine!" adatero Lidiya, atagwira pakamwa. "Wapenga mkamwini!"

A Bernard adachita ngati akufuna kumulumphira, koma dengu lidali litatsika kale, ndipo maso a anthu onse adali m'chitsime. Nkhuku idatsika ikuyang'anayang'ana uku ndi uku. Itapitirira pamene padazimira nyali, idayasamula mlomo, idakupiza, nigwa cham'mbali. Simeon sadadikire. Adakoka chingwe msangamsanga, naigoneka paudzu, nayamba kuikupiza ndi chipewa chake. Idali lobodo, maso otseka. A Bernard adaima ngati mtengo, akuyang'ana nkhuku ya dzina lawo ili kwala pamapazi pawo.

Kenaka chala chimodzi cha nkhukuyo chidafinyika. Diso lidatseguka. Idadzuka ikudzandira ngati yomwa masese, nithawira m'bango.

"Chitsimechi sichifunsa dzina," adatero Simeon. "Iyi ndaifulumirira. Inayo munaichedwera."

"Nanga chili m'menemo n'chiyani?" adafunsa a Bernard.

Simeon adatenga khasu. Sadapite kudimba la a Petro. Adapita pakati pa dimba la mkazi wake, pamzere umene Eliza ankathirira, nakhapa kamodzi, kawiri. Kachitatu nthaka idagumukira m'kati yokha, ndipo kutentha kudawomba nkhope za amene adali pafupi. Pansi pa ndiwo, pansi pa njira imene adadzera, padali phanga lofiira la makala amoto, lopanda lawi, lopanda phokoso, lolowera kumadimba ena mpaka kumene maso sankafika. Linkawala n'kuzirala, kuwala n'kuzirala, ngati chinthu chimene chikupuma m'tulo.

Anthu adabwerera m'mbuyo, aliyense akuyang'ana pamene waponda.

"Bango tinatentha tonse mwezi wa Ogasiti, monga timachitira chaka chilichonse," adatero Simeon. "Pamwamba moto unazima. Koma chaka chino pansi n'pouma, ndiye unalowa. Ukudya dambo. Mpweya wake ukudutsa m'ming'alu n'kumathira m'chitsime ngati madzi m'mtsuko."

"Moto wosayaka, mpweya wosaoneka," adatero a Bernard pang'onopang'ono. "Ndipo inu mukuti zimenezi si ufiti?"

Simeon adaganiza kaye. "Sindidziwa zonse, alamu. Chimene ndikudziwa n'chakuti chagwetsa nkhuku ya dzina lawo, chagwetsanso ya dzina lanu. Ngati atsike lero, titsike tonse amene tinayatsa bango. Ine ndinayatsa nawo. Inunso."

A Bernard adayang'ana dzenje lofiira lija, adayang'ana a Petro, nalavula malovu. Sadanene kuti nkhani yatha. Koma sadanenenso za chikho. Adatembenuka nayamba kukwera kumudzi, akuponda mosamala m'mapazi momwe adadzera, ndipo anthu adawatsatira pamzere umodzi, ana atanyamulidwa ngakhale akuluakulu oyenda okha. Ena ankacheuka kuyang'ana a Petro. Ena, Simeon adaona, ankacheuka kuyang'ana iye.

Getrude adatsalira. Adaima kutali ndi chitsime, nsalu ataigwira pakamwa.

"Anamva kuwawa?" adafunsa, osayang'ana mwamuna wake.

Simeon adakumbukira kukupiza kwa nkhuku, adakumbukiranso nkhope ya mwanayo ndi chikho chija chosagwa m'dzanja. "Ndikuganiza kuti sanachedwe," adatero. "Anakhala pansi kuti apume, tulo n'kumutenga."

Getrude adagwedeza mutu. Podutsa pafupi ndi a Petro adangotola jekete lawo paudzu pamene pankayamba kufuka, naliika pamaondo pawo, napita.

Adatsala awiri, pakati pa timautsi tija.

"Bambo a Eliza," adatero a Petro patapita nthawi. Adalekeza, ngati akufunsa ngati dzinalo likadali lololedwa. Simeon sadawaletse. "Chitsime ndinakumba ndine. Ndikwirira ndine."

"Tikwirira tonse, titaima pamwamba. Kenaka tikumbe ngalande kuzungulira motowu mpaka tipeze dongo, usawolokere kumadimba a kumunsi. Wotsalawo ndi wa mvula."

"Mvula ili kutali."

"Ndiye tizilonda mosinthana, ana asatsike kuno. Inu m'mawa, ine masana."

Nkhalamba idaseka pang'ono, misozi ili m'masaya. "Mwandipatsa m'mawa poti mukudziwa kuti nkhalamba sizigona, eti? Chabwino. Ndipo tikakumba chatsopano kumtunda, nyali izitsogola, munthu pambuyo. Chingwe ndipota ine."

"Palafini ndi wanga."

"Komatu ana adzafunsa," adatero a Petro. "Adzati nyali masana ndi ya chiyani, moto unalowa bwanji pansi, unkakhala kuti. Ine sindidzatha kuwayankha. Ndizidzawatumiza kwa inu."

Simeon adayang'ana kautsi kamene kadaima pafupi nawo, kowonda, kotalika ngati mwana. Kamphepo koyamba ka tsikulo kadakapendeketsa pang'ono kulowera kwa iye, ngati kakudikira.

"Muziwatumiza," adatero, natambasula dzanja. "Ndikulonjeza, a Petro. Ndizidzawayankha tsiku lomwelo."